Mmene Apongozi Anga Analipirira Boma

Lero ndi tsiku la bajeti kuno ku Western Australia, ndipo zangochitika kuti ndili pakhomo, sindili kumgodi. Masana ndinatsegula TV ndekha, popanda wondituma, n'kukhala pansi kumvera nduna ya zachuma ya boma la dera lino ikuwerenga. Ine amene kale ndinkati zimenezi n'zogonetsa tulo! Mkazi wanga Tiyamike, amene timangoti Tiya, anasuzumira kuchokera kukhitchini, anayang'ana ine, anayang'ana TV, n'kubwerera ku mapoto ake. Aka n'koyamba kuti bajeti iwerengedwe bambo ake kulibe. Anatisiya m'nyengo yozizira chaka chatha, ndipo ndati ndilembe za iwo ndisanayambe kuiwala kayankhulidwe kawo.

Dzina lawo linali a Yotamu Mbewe, a ku Ntcheu. Ine ndinkawaitana kuti bambo, iwo ankanditchula kuti a Phiri, koma akafuna kundigwetsa pansi pang'ono ankati "akamwini". Anali munthu wamfupi, wa mawu okwera, woyenda mofulumira ngati pali amene akumuthawa. Ankakonda tiyi wa shuga wambiri, ankadana ndi chenji chotayidwa patebulo, ndipo sankakhulupirira munthu wonena kuti chinthu n'chaulere. Ukatero ankafunsa kuti, "Chaulere kwa ndani?"

Pa tsiku la bajeti, m'mwezi wa Meyi, ankadzuka ngati kuli ukwati. Ankasita okha shati yoyera, kumanga tayi, kupukuta nsapato, chonsecho ulendo wake wothera pabalaza. Nduna ikayamba kuwerenga, m'nyumba monse zii. Mwana wathu Chisomo akangoti atsegule firiji, ankamuloza ndi chala osacheuka n'komwe. Ankamvera manja ali pamawondo, apa n'kugwedeza mutu, apo n'kuti, "Mwatero eti?" ngati ndunayo ikuwamva. Ikafika pa ndalama za migodi ankatembenukira kwa ine.

"A Phiri, mwamva? Fumbi lanu lija ndi limeneli."

Ine ndimakonza makina pamgodi wa miyala ya chitsulo kumpoto, ndipo ndikamatsika ndege fumbi lofiira limakhala lili m'makutu ndi m'masokosi momwe. Iwo ankati fumbi limenelo ndilo limalipira manesi. Sankanama kwenikweni. Makampani amalipira boma la dera pa miyala imene akumba, poti nthakayo mwini wake ndi boma, ndipo ndalama zake si zamasewera. Koma chimene chinkawakomera kwambiri a Mbewe n'chakuti olemba bajeti sawerengera mtengo wa chitsulo wa lero. Amayerekeza kuti mtengo utsika, n'kukonza zochita zawo pa mtengo wotsikawo. Ukapanda kutsika, zapamwambazo amabwezera ngongole kapena kumangira china. Pamenepo nkhalambayo inkawomba m'manja kamodzi, n'kunena kuti amene anaganiza zimenezi anagulitsako tomato, chifukwa mayi wa tomato wanzeru salonjeza fizi ya mwana pa mtengo wa nthawi imene tomato akusowa.

Za tomato ankazidziwa. Moyo wawo wonse wa ntchito anali wodulitsa ziphaso pamsika. M'mawa uliwonse ankazungulira ndi kabukhu ka matikiti, kuyambira kwa a nsomba mpaka kwa a makala, ndipo lamulo lawo linali limodzi: wopanda chiphaso sayala malonda. Achemwali awo enieni anawadulitsa. Akazi a abusa anawadulitsa. Ankasimba monyadira kuti amayi a pamsika ankawatukwana m'mawa, madzulo n'kuwaitana kuti adzaweruze mkangano wa malo, chifukwa ankadziwa kuti munthu uyu alibe mbali. Chinthu chimodzi chokha chinkawasowetsa mtendere akakumbukira. Amayiwo ankawafunsa kawirikawiri kuti ndalama zathuzi zimapita kuti, ndipo iwo analibe yankho, poti ntchito yawo inkathera pokapereka thumba kuofesi. Ndiye atapeza kuti kuno boma limaima pagulu chaka ndi chaka n'kunena kuti tatolera mwakuti, tigawa mwakuti, zakuti kuzipatala, zakuti kusukulu, zakuti kunjanji ndi kupolisi, anangoti ha, n'kuzikonda ngati mmene ena amakondera mpira.

Bajeti ikawerengedwa, masabata otsatira ankapita kukaiyendera. Ankakwera sitima pa Maddington pano, m'thumba muli nthochi ndi botolo la madzi, kukaona ndi maso zimene zinalonjezedwa chaka chatha. Kumene ananena kuti akweza njanji m'mwamba, anapitako. Kumene ananena kuti awonjezera makalasi, anakaima kunja kwa mpanda mpaka mlonda anawafunsa ngati asochera. Pobwera ankapereka lipoti patebulo: uku ayamba, uku angoika chikwangwani, uku achedwa ndipo nduna sinanene chifukwa. Chisomo ankaseka mpaka kutsamwa. Iwo sankaona choseketsa.

Wokangana naye wawo anali a Sakala, mnzathu wa ku Zambia amene anabwera kudzaphunzira za chuma pa yunivesite n'kukhazikika konkuno. Anthu awiriwa ankakondana, koma sankatha kukhala pamodzi osakwezerana mawu. Nkhani yawo yosatha inali ya msonkho wa pa katundu wa m'sitolo, umene amatolera ndi a ku Canberra, boma la dziko lonse, kenaka n'kuugawira madera. A Sakala ankati n'koyenera kuti dera lolemera ndi migodi lizilandira zochepa kuti madera osauka apeze pogwira. A Mbewe ankati zoona, m'bale amathandizidwa, koma osati mpaka wolimayo kugona ndi njala. Ndinkadabwa kumva munthu wa ku Ntcheu akukalipira za Perth, mzinda wathu uno, ngati mchombo wake unakwiriridwa pano. A Sakala akatopa ankati, "Ba Mbewe, imwe mwasanduka mu Aussie kupambana eni ake," iwo n'kuyankha kuti alibe nazo manyazi.

Koma sanafike kuno ali otero, ayi. Chaka chawo choyamba anali mlendo wa phee, wopempha chilolezo ngakhale chotsegula zenera. Tinawaitanitsa akazi awo atamwalira, Tiya atatopa ndi kulira pafoni, poti iye ndi mwana yekhayo amene anatsala. Mapepala awo okhalira kuno anatidya ndalama zambiri, ndipo iwo ankadziwa. Ankayenda m'nyumba ngati akuopa kuthetsa kapeti.

Nthawi yomweyo maso awo anayamba kuchita ng'ala. Poyamba ankabisa. Tinazindikira tsiku limene anathira mchere mu tiyi n'kumwa wonse kuti tisadziwe. Kenaka anaphonya sitepe pasiteshoni n'kung'ambika bondo. Dokotala anawatumiza kuchipatala cha boma, kumeneko anawayeza n'kuwaika pamzere wa opareshoni. Potuluka anafunsa Tiya kuti polipirira ndi pati. Tiya anati palibe.

Patapita miyezi achipatala anaimba kuti malo apezeka. Tiya anavina m'khitchini. A Mbewe anati awauze kuti zikomo, koma sapita.

"Bambo, mwati bwanji?"

"Ndati sindipita. Malowo apatse eni ake."

"Eni ake ndani? Inuyo muli ndi mapepala, ndinu wa kuno!"

"Mapepala ndi mapepala. Ine dziko lino ndaikamo chiyani? Ndafika mutu uli mbuu, sindinagwiremo ntchito ngakhale tsiku limodzi, lero ndikagone pabedi limene anzanga akhala akusonkhera kuyambira ali anyamata? Iwe Tiya, ine ndinkathamangitsa anthu oyala malonda opanda chiphaso. Ndiye lero ndikayale ine?"

Tinayesa zonse, abale. Tiya anawakumbutsa za ndalama za mapepala zija. Anafunsa kuti zinapita kwa ndani. Titati ku Canberra, anafunsa kuti nanga chipatalacho amayendetsa ndani. Titati boma la dera, ngakhale kuti a ku Canberra amathirapo, anati basi, umalipira kwa mwini msika, osati kwa msuweni wake. Komanso ndalamazo zinali zathu, osati zawo. Ine ndinati msonkho umene ndimadulidwa ine ndi wokwanira banja lonse, n'kuwonjezera kuti umandiwawa mwezi uliwonse. Anati chiphaso cha mkamwini sichiyalitsa mpongozi. Tinati chabwino, tikulipirirani kuchipatala cholipira. Pamenepo ndiye anapsa mtima zenizeni, n'kunena kuti anatidyera kale ndalama za nyumba, sadzatidyeranso za sukulu ya mwana. Kunena zoona ine anandikwiyitsa. Ndinauza Tiya kuchipinda kuti bambo akowa ndi ouma mutu kuposa bawuti yadzimbiri, iye n'kundiyankha kuti ndisamuuze zimene anakula akuzidziwa.

Kenaka anatulutsa zimene anali atakonza mumtima. Anati abwerera kumudzi. Kumeneko anakhoma msonkho moyo wawo wonse, anatoleranso wa anzawo, ndiye akakagona pabedi la chipatala cha boma adzagona ndi mtima woyera. Ndalama ya tikiti ya ndege anali nayo, yochokera ku kagolosale kamene anagulitsa ponyamuka, ndipo ankaisunga osaikhudza. Tonse tinadziwa tanthauzo lake. Munthu wa msinkhu umenewo, wosaona bwino, akakwera ndege ulendo wautali chotero sabwereranso. Kumudziko nyumba anali atasiyira adzukulu a achemwali awo, wowaphikira panalibe. Achipatala nawo anatiuza mwaulemu kuti akakananso kachiwiri awachotsa pamzere. Tiya anasiya kudya bwino. Ndinkamupeza m'galaja atangoima, dengu la zochapa lili m'manja, misozi ili chuchuchu. Anali atataya kale amayi ake ali kutali, ndipo tsopano ankaona bambo ake akumupulumuka m'manja.

Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi tinkawotcha nyama kuseri kwa nyumba, a Sakala alipo. A Mbewe anakhala pampando wawo, maso ali mbee, akuyang'ana kumene kunkachokera mawu. Mwadzidzidzi anati, "A Sakala, inu mwaphunzira za ndalama. Tandiuzani makomo onse amene ndalama imalowera m'thumba la boma la dera lino. Osati la ku Canberra, osati la khonsolo yotola zinyalala. La eni chipatala."

A Sakala anapukuta manja. Anati khomo lalikulu ndi migodi.

"Mgodi ndilibe."

Anati makampani akuluakulu amalipira msonkho pa malipiro a antchito awo.

"Wantchito ndilibe. Pitirizani."

Anati ukagula nyumba umalipira msonkho wa pogula, ndipo ukakhala ndi malo ena kupatula pamene ukukhala umalipiranso chaka ndi chaka. A Mbewe anaseka pang'ono n'kufunsa ngati iwo akuoneka ngati munthu wogula nyumba ku Perth. Ine ndinaponyapo yanga, ndinati palinso zindapusa, ngati akufuna tikhoza kuwapezera mlandu waung'ono. Tiya anandiyang'ana diso limene ndimalidziwa, ndinabwerera kunyama.

"Manje ba Mbewe," anatero a Sakala, "njira yapafupi ilipo. Gulani chabe tikiti ya lotale. Ija ni ya boma, na ndalama zake zina ziyenda ku vipatala straight."

Iii, a Mbewe anadzuka pampando! Iwo, mkulu wa mpingo, amene anadzudzula anyamata a juga kuseri kwa msika zaka zonse zija, akalowe m'chipatala ndi tikiti ya juga? Anati kuli bwino afe osaona. A Sakala anapepesa, n'kupitiriza ndi mawu otsika kuti zatsala zing'onozing'ono, za inshuwalansi, za magalimoto.

"Za magalimoto zotani?"

"Mukagula motoka mulipila msonkho wa pogula. Elo chaka chilichonse mulipila laisensi, yamene tiitana rego."

"Kwa ndani?"

"Ku boma ya state, eni chipatala aja."

"M'dzina la mwini galimoto?"

"Ee."

Sanafunsenso china. Anakhala pansi, anadya nyama yawo bwinobwino, anapemphanso ina.

M'mawa mwake ndikumwa tiyi anabwera n'kuima pafupi nane, atavala kale jekete. "A Phiri, inu mumadziwa makina. Mundipezere galimoto."

Ndinaika kapu pansi. Munthu uyu sanagwirepo chiwongolero chibadwire. Moyo wake wonse unali wa njinga yakapalasa, ndipo panthawiyo ngakhale njingayo sakanaiona ili pakhomo. Chisomo, amene amamva Chichewa chonse koma amayankha m'Chingerezi, anafuula kuchokera pabalaza kuti, "Agogo, you can't even drive!" Iwo anamuyankha kuti sananene kuti akufuna kuyendetsa, anena kuti akufuna kugula.

Ndinafunsa kuti ndalama zichokera kuti. Anasisita thumba la jekete. Inali ija ya tikiti ya ndege. Ndinayang'ana Tiya, amene anali ataima pasinki atatifulatira. Sanatembenuke, anangoti, "Apezereni lero lomwe."

Tinaipeza ku Kenwick, kwa mzungu wina wokalamba amene anasiya kuyendetsa. Inali kagalimoto kakang'ono kakale, kotopa, koma injini yake inali yabwino ndithu, ndinaimvera ndekha. A Mbewe anaizungulira akuipapasa ndi manja kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, anagogoda tayala ndi nsapato monga anaonera anthu ena akuchitira, kenaka n'kuyamba kunenerera mtengo. Mzunguyo sanadziwe chimene chinamugwera. Anatsitsa, anatsitsanso, mpaka anawonjezapo jeke ndi ndowa yotsukira.

Kuofesi ya malaisensi anapita atamanga tayi. Anakana kuti ndiwalipirire pafoni monga timachitira tonse. Ankafuna kauntala, ndi munthu wamoyo kuseri kwake. Mtsikana wa pakauntalayo atatchula msonkho wa pogula ndi laisensi, n'kufunsa kuti alipira ya miyezi ingati, anati ya chaka chonse. Atayamba kufotokoza kuti okalamba ena amawatsitsirako, a Mbewe anakweza dzanja kuti asapitirize n'komwe. Kenaka anafunsa m'Chingerezi chawo cha kusukulu ya mishoni, chomveka liwu lililonse, ngati ndalama imeneyi ikupita ku boma la dera lino. Mtsikanayo anati inde. Anafunsanso ngati yalembedwa m'dzina la Yotamu Mbewe. Anati inde, bambo. Analandira lisiti ndi manja awiri, n'kuwerama pang'ono. Tili panja anandiuza kuti, "Muwauze achipatala aja kuti ndikubwera."

A Sakala anatsala pang'ono kutiwonongera zonse. Lamlungu lotsatira, akuyang'ana galimotoyo pabwalo, pakamwa panawayabwa. Anati komatu ndalama ya laisensi kwenikweni imapita kumisewu, osati kuzipatala. Tiya anali ndi mpeni wa anyezi m'manja, ndipo ndikhulupirira kuti a Sakala sadziwa mpaka lero kuti anapulumuka. Koma a Mbewe sanatekeseke. Anati pamsika ndalama ya mayi wa tomato inkatha kukafolera shedi ya a nsomba, koma mayiyo sankaletsedwa kutunga madzi pampopi. Chiphaso ndi cha msika wonse. "Komanso a Sakala, namwino amafika bwanji kuntchito? Amauluka?" A Sakala anakweza manja m'mwamba, ndipo kamodzi kokha m'moyo wawo anavomera kuti agonja.

Opareshoni yake sinatenge nthawi, tinadabwa kuti chinthu chimene chinatisowetsa tulo chonchija n'chachidule chotere. Tsiku lochotsa bandeji ndinali nawo. Anaphethira, anaphethiranso, n'kuyang'ana Tiya nthawi yaitali.

"Iwe, imvi izi wamera liti?"

Tiya anaseka akulira, ine ndinayang'ana kudenga, poti mkamwini salira pamaso pa apongozi. Ndinasangalala tsiku limenelo kuposa tsiku limene ndinalandira ntchito ya kumgodi. Titafika kunyumba anatsika, anaima pabwalo n'kuona galimoto yawo koyamba. Inali yobiriwira mowala, ngati mango osapsa, chitseko chimodzi chili cha mtundu wina.

"A Phiri, mwa magalimoto onse a mu Perth, munandisankhira yonyansa chonchi?"

Ndinati mtundu sunali m'pangano.

Kuyambira pamenepo mlendo wa phee uja anatha. Anayamba kutsegula mazenera osapempha, kudzudzula kaphikidwe kanga, kulandira khadi la okalamba lokwerera sitima limene poyamba ankalikana. Diso lachiwiri atawaitanira, anapita okha pa basi. Chidwi cha bajeti chinayambira pomwepo, poti ankati munthu amene wasonkha ali ndi ufulu wofunsa. Ndikadandaula za msonkho, ankandiuza kuti ndidandaule ndithu, ndi ufulu wanga, koma ndidandaule nditawerenga kaye kumene wapita.

Galimotoyo sanaiyendetsepo. Loweruka lililonse ankaitsuka ndi ndowa ya mzungu ija, masana n'kukhalamo pampando wa kumanzere, chitseko chili chotsegula, akumvera nkhani pa wailesi. Kuti batire isafe ankabwereketsa ana a sukulu ongofika kumene, Amalawi ndi a ku Zambia omwe, amene apeza ganyu yotsuka mbale ku Northbridge kapena yosamalira okalamba ku Midland. Lamulo linali lakuti ibwere ndi mafuta mmene inapitira, ndipo asaipatse chindapusa, chifukwa iwo ankafuna kupatsa boma ndalama yaulemu, osati ya mlandu. Ophunzira angapo amene lero ali ndi magalimoto awo onyezimira anayambira m'kagalimoto kobiriwira kameneko. Laisensi ankalipira okha chaka ndi chaka kuchokera ku kapenshoni kawo ka kumudzi, pakauntala, atamanga tayi. Titawauza kuti mwalipira kale, zakwana, ankati chiphaso cha dzulo sichiyalitsa lero.

Anakhala nafe zaka zabwino ndithu, akuona. Anaona Chisomo akumaliza sekondale. Ankawerenga okha Baibulo lawo la zilembo zing'onozing'ono, n'kumanditsutsa pa mavesi. Sindinganene kuti tinkagwirizana pa zonse, ayi, nkhalamba ija inkatha kukuuza kuti walakwitsa kaimikidwe ka galimoto iyo isanayendetsepo. Koma m'nyumba munali mokoma.

Chimene chinawatenga ndi mtima. Anagonekedwa m'chipatala cha boma, ndipo ulendo uno panalibe mkangano. Ankaitana manesi ndi mayina awo, ankapempha tiyi wachiwiri mosaopa, ankawauza kuti nyali ya pakhonde yapsa ndipo ndalama yokonzera inaperekedwa mu bajeti. Titaona kuti zikuvuta, azibambo a gulu lathu la Amalawi anayamba kunong'onezana nane za mwambo wathu wa kuno, wosonkherana kuti thupi likwere ndege likaikidwe kumudzi. Sindikudziwa kuti anamva bwanji, kaya anangoganiza okha. Masana ena ine ndi Tiya tili pambali pa bedi, anati, "Zimene mukunong'onezana ndi anzanuzo, a Phiri, zisiyeni. Musavutitse anthu ndi ndege. Mundiike konkuno."

Tiya anagwira dzanja lawo. "Bambo, nanga amayi? Ali okha kumudzi."

"Amayi ako sali okha. Agona pakati pa abale awo, ndipo osesa pamanda alipo ambiri. Iwe kuno uli ndi manda a ndani?"

Kenaka a Mbewe anatembenukira kwa ine.

"Manda a kuno amayendetsa ndani? Khonsolo kapena boma la dera?"

Ndinati a mu mzinda uno ali m'manja mwa boma la dera.

"Basi. Kumeneko ndinalipira."

Tinawaika ku Midland, ndipo anthu anabwera ambiri, mpaka ophunzira aja anadzaza basi yawoyawo. Galimotoyo tinapatsa mtsikana wina wa ku Dedza amene akuphunzira unamwino, n'kusintha dzina monga mwa lamulo, kuti mwini wake asatidzudzule kumene aliko.

Pabwalo patsala malo ake. Simenti ya pamenepo ndi yoyera kuposa ina yonse, poti dzuwa silinkafikapo, ndipo pakati pali kadontho ka oyilo kamene ndakanika kukachotsa. Ndowa ija ili pakona, mvula ikagwa imadzaza madzi. Malo ndi abwino, apafupi ndi khomo, koma palibe amene amaimikapo, Tiya amasiya yake kumsewu n'kumanyamula katundu kudutsa pomwepo. Loweruka m'mawa, nthawi imene kale tinkamva madzi akukhavukira pa galasi ndi wailesi ikulira, pabwalo pamakhala zii. Tiya amatenga tsache ndi maluwa a kuseri kwa nyumba, amaima pakhomo n'kundiuza kuti, "Ndikukaona bambo, musadye ndisanabwere." Ndipo amabweradi chakudya chisanazizire.